WRX ya 2003: ndi turbo iti yotsika mtengo ingalowe pamalo pa TD04 popanda kudula kapena kuwotcherera?

Boxer_wa_ku_25

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Galimoto ndi Subaru Impreza WRX ya 2003, GDA yochokera ku Japan, injini EJ205, magiya 5 osintha pamanja, makilomita 148,000. Zonse ndi zakufakitale kupatula ekizozi yakumbuyo. Turbo yake ndi TD04L ndipo yatopa: ikulira mluzu boost (mphamvu ya mpweya womwe turbo imakankhira mu injini) ikamakwera, komanso galimoto ikakhalitsa pa idle imatulutsa kautsi kabuluu ponyamuka. Poti iyenera kutsika basi, ndikuganiza kuti m'malo mobwezeretsa yomweyo ndingoikapo yokulirapo pang'ono.

Cholinga ndi ma PS 300 kapena kuyandikira pamenepo. Ndi galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku mu Lilongwe muno ndi maulendo a pa M1, si yampikisano. Sindikufuna kutsegula injini, kudula kapena kuwotcherera kalikonse, ndipo m'thumba simuli bwino kwenikweni. Ndi turbo iti imakhala pamalo pa TD04 mabawuti n'kugwirizana? Ndi zinthu ziti zina zomwe sindingazembe kugula? Nanga ndingayendeko kaye ndi ECU (kompyuta ya injini) mmene ililimu mpaka ndalama yotchunira ipezeke? Ogulitsa pa intaneti akuti 16G ndi 20G zawo ndi kungomanga n'kumapita.

Sipanala_14

Achimwene, musanaitanitse chilichonse, tsimikizani kaye kuti utsiwo ndi wa turbo. Kautsi kabuluu kobwera galimoto itakhalitsa pa idle kamachokeranso ku ma valve stem seal olimba, ku PCV valve yotsekeka, kapena ku maring'i otha. Pimitsani compression injini ili yotentha: masilinda onse anayi asasiyane kupitirira 10 peresenti. Ngati alipo amene ali ndi chida cha leak-down, pimitsaninso, ndipo muyang'anitsitse silinda 4, yomwe ndiyo imakonda kuyamba kuvulala pa ma EJ. Injini yomwe ikudontha kale m'maring'i, turbo yaikulu imangoifulumizitsa ulendo wa ku galaja. Lamba wa timing ngati sanasinthidwe pa 100,000, ndalama yoyamba ipite kumeneko.

Tsopano za ma turbo. Mwayi wa Subaru ndi wakuti ma turbo ake a single scroll amakhala pa mpando umodzi: manati atatu ku up-pipe, asanu ku downpipe, paipi ya oyilo pamwamba, yobwezera oyilo pansi, ndi mapaipi awiri a madzi. Choncho otsika mtengo komanso odalirika ndi ma VF a kampani ya IHI ochotsedwa pa STi, mtundu wa Impreza wamphamvu kuposa WRX wamba. VF30 inali pa STi ya ku Japan ya 2000 mpaka 2002. VF34 ndi ya ball bearing, imadzuka msanga pang'ono kuposa inzake, ndipo pa injini ya malita 2.0 ndi imene ndingaiike patsogolo ngati yapezeka yabwino. VF35 inali pa STi zopita ku Ulaya. VF39 ndi ya STI ya ku America ya 2004 mpaka 2006, VF43 ya 2007, VF48 ya 2008 kumka mtsogolo. Zonsezi ndi za msinkhu umodzi: pa EJ205 zimadzaza boost cha m'ma 3,300 mpaka 3,600 rpm, n'kuigwira mpaka pafupi ndi mzere wofiira, ndipo zimafika ma PS 300 mpaka 320 popanda kuzikakamiza. TD04L yanu imadzaza isanafike 3,000 rpm koma ikadutsa 5,500 imatha mpweya, boost n'kumatsika yokha.

Zosagula, ngakhale mtengo utakoma bwanji: VF36 ndi VF37. Izi ndi twin scroll (zolandira utsi pa njira ziwiri, osati imodzi ngati single scroll) za STi ya ku Japan kuyambira kumapeto kwa 2002. Pansi pake pali mabowo awiri, ndiye zimafuna manifodi ya ekizozi yakeyake, up-pipe yake, downpipe yake, ndi sampu yake pamodzi ndi paipi yokokera oyilo. VF52 ya WRX ya 2009 kumka mtsogolo, komanso VF40 ndi VF46 za Legacy, zili ndi potulukira mpweya pa mabawuti awiri, pomwe intercooler yanu imafuna paipi yovala ndi kilampu. TD05H ya GC8 zoyambirira, za 1992 mpaka 1996, ili ndi polowera mpweya popindika madigiri 90, sikumana ndi paipi yanu yodutsa pansi pa manifodi. VF22 imalowa, koma ndi yaikulu ndi yochedwa kudzuka, m'tauni imatopetsa.

Za 16G ndi 20G: TD05H-16G yopangidwira Subaru, yolowera mpweya kutsogolo, ndi turbo yabwino ndipo ma kit ake okonzera ndi osavuta kupeza kusiyana ndi a IHI. Koma 20G pa malita 2.0 imadzaza itadutsa 4,000 rpm, ndipo mphamvu zomwe imayenerera zili kutali ndi zomwe mapisitoni ndi giyabokosi yanu zingapirire. Mungalipire kuchedwa kwake konse osadyako phindu lake.

Zomwe simungazembe zili ku petulo. Ma injector a WRX ya zaka zimenezi ndi a 420 mpaka 440 cc. Injector siyenera kutseguka kupitirira 85 peresenti ya nthawi, ndipo pa VF iliyonse aang'onowa amafika 100 peresenti boost isanathe n'komwe ntchito yake. Otsika mtengo ndi a pinki a STi ya ku Japan, 565 cc, top feed, omwe amalowa mu ma rail anu osasintha kanthu. Masamu ake: 565 kuchulukitsa ndi 4, kenako ndi 0.85, ndi ma cc 1,920 pa mphindi, kapena malita 115 pa ola, okwanira ma PS 310 mpaka 320. A STI ya ku America ya 2004 mpaka 2006 ndi side feed, salowa. Ogwiritsidwapo kale ntchito atsukidwe ndi kupimidwa kuti akutulutsa mofanana, ma O-ring akhale atsopano. Pampu ya mu thanki ikhale Walbro 255 yeniyeni, chifukwa zachinyengo za dzina limeneli zadzaza msika, ndipo sefa ya petulo isinthidwe tsiku lomwelo. Mapulagi atsike sitepe imodzi kuzizira, kuchoka pa NGK 6 kupita pa 7, mpata 0.7 mm. Mpata ukakula, boost imazimitsa moto wa pulagi, galimoto n'kumadukiza cha m'ma 4,500 rpm.

Funso lanu lomaliza, loyenda kaye ndi ECU yosatchuna, yankho ndi ayi. Ma injector a 565 pa map (matebulo omwe ECU imatsata) ya 440 amamiza injini ndi petulo, kutsuka oyilo m'makoma a silinda. Ma injector akale pa turbo yatsopano amachepetsa petulo pamwamba, pomwe injini ikutentha kwambiri. Ndipo matebulo a wastegate (kachitseko kolambalalitsa utsi kuti boost isapitirire) mu ECU analembedwera TD04, ndiye VF imadumpha boost yomwe ECU ikufuna. Ubwino wake, ECU ya Denso ya GDA imalembedwanso kudzera pa OBD ndi chingwe cha Tactrix Openport 2.0 ndi mapulogalamu aulere a EcuFlash ndi RomRaider. Simukufunika ECU yogula padera. Turbo, ma injector ndi map zilowe tsiku limodzi.

Lambda_078

A Sipanala afotokoza bwino za zomwe zimalowa, koma ine ma PS 300 ndikuwakayikira pa galimoto imeneyi ndi petulo wa pampu zathu. Manambala ambiri omwe mumawerenga pa intaneti ndi a WRX ya ku America ndi ku Ulaya, yomwe EJ205 yake ili ndi compression ya 8.0:1. Ya ku Japan ya zaka zimenezi ili ndi 9.0:1 ndi AVCS (chosinthira nthawi yotsegula mavavu), ndipo map yake inalembedwera petulo wa octane yapamwamba wa ku Japan, wa m'ma 98 mpaka 100 RON. Wathu safika pamenepo. Ngakhale ku Johannesburg pampu imathera pa 95. Ndiye galimoto yanuyo mwina panopa, ndi TD04 yakeyo, ikubweza kale timing pofuna kudziteteza.

Izi mungazione musanawononge kwacha iliyonse pa turbo. Lumikizani RomRaider muwerenge IAM, nambala yoonetsa kuchuluka kwa timing yomwe ECU ikulola. Pa ECU yanu imayenda kuchokera 0 mpaka 16. Ikakhala pa 16, injini ndi yokondwa ndi petulo. Ikakhala pa 8 kapena kutsika, ECU yamva kugogoda kambirimbiri ndipo yachotsa timing ponseponse. Onaninso feedback knock correction ndi fine learning knock correction mukuponda mu giya 3. Galimoto yomwe ikugogoda pa 0.9 bar yakufakitale sifunika mpweya wina, ifunika map ya petulo wathu.

Turbo yokha sibweretsa mphamvu, imabweretsa mpweya. Zili ngati kukupizira mbaula: moto umakula, koma chomwe chili pamotopo chiyenera kupirira. Msakanizo ukaphulika wokha pulagi itayatsa kale, kugunda kwake kumathyola kakhoma ka pisitoni ka pakati pa maring'i, kapena kuphwanya ma bearing a ma conrod. Pa boost yonse wotchuna alondole lambda (muyezo wa msakanizo wa mpweya ndi petulo) ya 0.75 mpaka 0.78, yomwe pa geji ya petulo imaoneka 11.0 mpaka 11.5:1, ndipo apime ndi wideband yakeyake yomangidwa pa downpipe. Pa 9.0:1 ine ndingaimire pa 1.1 mpaka 1.2 bar pakati, n'kuitsitsa kufika 1.0 bar chakumapeto, timing yosamala. Zimenezo zimapereka ma PS a m'ma 280, ndipo injini imakhalitsa.

Zina ziwiri za kwathu kuno zomwe map yotsitsa pa intaneti sizidziwa. Choyamba ndi ethanol. Petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, wochokera ku Dwangwa ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Ethanol amakweza octane pang'ono, zomwe ndi zabwino, koma amafuna petulo wambiri pa mpweya womwewo: petulo yekha amapsa bwino pa 14.7:1, wa ethanol 10 peresenti pa 14.1:1, wa 20 peresenti pa 13.5:1. Pa boost yonse ECU siwongola msakanizo ndi sensa ya oxygen, imangotsata tebulo. Ndiye thanki ina ikabwera ndi ethanol wochulukirapo, msakanizo umaonda osakuchenjezani. Siyani mpata mu map, ndipo uwu ndi umboni wina woti ma injector asamayende kumalire. Za petulo wa m'zigubu nthawi ya mizere, ngati mwakakamizika kuthira, phazi likhale lopepuka mpaka thankiyo ithe.

Chachiwiri ndi kutalika kwa malo. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050, mpweya wakunja uli pa 0.89 bar pomwe kugombe la nyanja yamchere ndi 1.01. Geji ikamaonetsa 1.2 bar kugombeko, turbo ikupanikiza mpweya ka 2.18. Geji yomweyo ku Lilongwe ndi ka 2.35, ku Johannesburg ka 2.46. Turbo imazungulira mwamphamvu, mpweya umatuluka wotentha, ndipo imachedwa kudzuka ndi ma rpm mazana angapo. Apa ndiye ndikugwirizana ndi a Sipanala pa 20G, iwalani. Ndipo dziwani kuti galimoto yotchunidwa kumalire ku Lilongwe ikatsikira ku Salima kapena ku Chikwawa mu Okutobala imakumana ndi mpweya wolemera komanso wotentha nthawi imodzi.

Njira yomwe ndikuona kuti ndi yotchipa kwenikweni ndi iyi: TD04L yomweyo ikonzedwe ndi compressor ya 19T m'malo mwa 13T, kapena mugule ya 19T yomanga kale. Kunja ndi yofanana ndi yakale, palibe paipi yosintha. Onjezani downpipe ya mainchesi 3, pampu, ma injector ndi map. Imadzuka pafupifupi mofanana ndi yakufakitale, imagwira boost pamwamba kuposa 13T, ndipo mumagiya 2 ndi 3 m'tauni imakoma kuposa VF. Mwa ndalama zonse, turbo isadye kupitirira gawo limodzi mwa atatu.

Boxer_wa_ku_25

Zikomo kwambiri akuluakulu, apa mwanditsegula maso. Compression ipimidwa sabata ino ndipo chingwe cha Tactrix ndiitanitsa. Pali VF39 ya kaunjika yomwe ikupezeka pa mtengo wabwino, ndiye ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama, ndipo pomanga amakanika asamale pati? Komanso ma 16G atsopano opanda dzina aja, omwe mtengo wake ndi theka la VF yakale, vuto lake ndi chiyani kwenikweni? Pali ena pano a Silvia ndi Chaser omwe akutsatira, mwina muwakhudzeko.

Mai_Torque

Achimwene, VF39 muigwire m'manja, zithunzi sizikwanira. Gwirani nati ya compressor muikankhire m'mbali. Pa turbo ya journal bearing youma oyilo, kasewero kochepa ka m'mbali n'kabwinobwino, bola mapiko asakhudze khoma. Kenako ikokeni ndi kuikankha motsatira shaft. Uku sikuyenera kumveka kusuntha ndi chala. Kukamveka, thrust bearing yatha ndipo utsi uli panjira. Walitsani tochi pa mapiko: m'mphepete mukakhala mosalala ngati mwapalidwa, inkameza fumbi, pakakhala pobenthuka, inameza chinthu ndipo balance yapita. Tembenuzani muone mbali ya utsi pozungulira bowo la wastegate. VF39 ndi VF35 zimadziwika ndi kung'aluka pamenepo. Timing'alu tating'ono tothera pansi pa chivindikiro ambiri amayenda nato, koma mng'alu wodutsa chivindikirocho umataya utsi, boost n'kumachedwa. Pomaliza popani actuator, kachitini ka ndodo yotsegula wastegate, ndi pampu ya njinga yokhala ndi geji: ndodo iyambe kuyenda bwinobwino, ndipo mpweya usathawe.

Ma turbo opanda dzina vuto lake silioneka ndi maso. Shaft ya turbo ya msinkhu uwu imadutsa ma rpm 150,000. Pa liwiro limenelo chofunika ndi balance ya cartridge yonse, chitsulo cha turbine chopirira kutentha kwa madigiri 900, ndi thrust bearing yolimba. Apa ndi pomwe otchipawo amadulira mtengo. Ena amayenda, ena amafa msanga, ndipo compressor ikasweka zidutswa zimadutsa mu intercooler kukalowa mu injini. Ngati mwasankha njira imeneyo, ikadutse kaye kwa okonza ma turbo omwe ali ndi makina a balance, ndipo actuator ipimidwe chifukwa nthawi zambiri sipulingi yake sigwirizana ndi zomwe zalembedwa. Mukawerengera zimenezo mtengo umayandikira wa VF yabwino.

Pomanga, manati a up-pipe ndi downpipe athiridwe mafuta omasulira dzimbiri usiku wake, injini itazizira. Stud ikathyokera mu up-pipe ntchito ya maola anayi imasanduka ya masiku awiri. Chotsani batire, intercooler, chishango cha kutentha, downpipe, kenako mapaipi a madzi ndi a oyilo. Mukatsitsa turbo suzumirani mu up-pipe. WRX zina za 2001 mpaka 2005 zili ndi catalyst mmenemo, turbo isanafike. Ikakalamba imagumuka, zidutswa n'kukatafuna turbine. Ngati ilimo, ikani up-pipe yopanda catalyst, ya STi imakwana.

Ma turbo ambiri atsopano amaphedwa ndi chomwe chinapha akale, ndipo kawirikawiri ndi oyilo. Paipi yobweretsa oyilo imadzaza makala m'kati chifukwa cha kutentha, ndiye isinthidwe kapena itsukidwe mpaka mpweya uzidutsa momasuka. Ma banjo bolt ena a EJ ali ndi kasefa kakang'ono m'kati. Kakatsekeka turbo imauma, choncho kaonedwe, katsukidwe kapena kachotsedwe. Mawashala a kopa akhale atsopano mbali zonse ziwiri. Kapaipi ka rabala kobwezera oyilo pansi pa turbo kamauma n'kung'ambika, ndipo ndi kovuta kukafikira turbo itamangidwa, ndiye sinthani pano. Kasapindike, chifukwa oyilo wobwerera alibe pampu, amangotsika yekha. Akachedwa kutsika amadzaza cartridge n'kutulukira ku utsi, anthu n'kumati turbo yatsopano ndi yakufa. Silikoni asayandikire njira ya oyilo.

Paipi yakuda yolowetsa mpweya ku turbo, yodutsa pansi pa manifodi, pa makilomita 148,000 imakhala itafewa ndi oyilo pakamwa pake. Pa VF imalowa mothina ndipo ikang'ambika pansi simuona. Mpweya wolowera pamenepo sunawerengedwe ndi MAF, sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, ndiye msakanizo umaonda, komanso fumbi limalowa osasefedwa. Ya silikoni ndi yabwino, kungoti poika pamafunika kunyamula manifodi. Intercooler itsukidwe m'kati mpaka oyilo yense achoke, iume bwino.

Magasiketi onse atsopano, manati a turbo pa 35 Nm. Musanalumikize paipi ya oyilo thirani oyilo woyera pabowo lapamwamba uku mukuzunguza shaft ndi chala. Oyilo wa injini ndi sefa zikhale zatsopano, synthetic 5W-40 kapena 10W-40, wosinthidwa pa makilomita 5,000 aliwonse. Zulani fuse ya pampu ya petulo, zunguzani injini masekondi 10 mpaka 15 kawiri kapena katatu mpaka getsi la oyilo lizime, bwezerani fuse, iyake pa idle mphindi 10 osaponda. Madzi muwathire pa kathanki kapamwamba ka pafupi ndi turbo mpaka thovu lithe. Kenako tsekani polowera mpweya, popani 1 bar m'mapaipi onse, thirani madzi a sopo pa makilampu. Kudontha kulikonse kupezeke wotchuna asanayambe, apo ayi atchuna pa bodza. Ikatentha n'kuzizira kamodzi, bwerezani kumanga manati.

Bokosi la sefa ya mpweya lakufakitale lisiyeni. Sefa za cone zooneka bwino zija, zopakidwa oyilo, zimadetsa waya wa MAF, zimakoka mpweya wotentha wa mu boneti, ndipo fumbi la m'chilimwe zimalilola. Blow-off valve yotayira kunja nayo imataya mpweya womwe MAF yawerenga kale, galimoto n'kumamira petulo posintha giya.

SR20_Joni

Kwa a Nissan nkhani ndi yofananako. Injini ya SR20DET ya Silvia S13 ndi 180SX ili ndi T25 ndi ma PS 205. S14 ili ndi T28 ndi 220. S15 Spec-R ili ndi T28 ya ball bearing ndi 250. Zonse zimakhala pa flange ya T25 ya mabawuti anayi ndi potulukira utsi pa asanu, choncho turbo ya S15 ndiye yotchipa kwa wa S13. Chosintha ndi zigongono za polowera ndi potulukira mpweya, ndi mapaipi a oyilo ndi madzi. Ma injector a S13 ndi S14 ndi 370 cc, ndipo pa T28 amatha boost ikayandikira 1 bar. A S15 Spec-R ya magiya apamanja ndi 480 cc. Wofuna kupitirira apite pa Garrett GT2871R, yomwe imakhala pa manifodi yomweyo, koma pamenepo MAF yakufakitale imafika pamapeto, pafunika ya Z32 300ZX, ma injector a 550 cc kapena kuposa, ndi board ya Nistune mu ECU. Turbo ya ball bearing ya Garrett imafuna oyilo wa 40 mpaka 45 psi injini ili pamwamba, ndiye pa paipi yogula padera ikani restrictor ya 1.0 mm. Matenda a SR20 ndi gasiketi ya pakati pa manifodi ndi turbo: manati amamasuka ndi kutentha, gasiketi n'kupsa. Ikani timalata tokhomera manati ndipo chogwirizira downpipe chisachotsedwe.

A Chaser, Mark II ndi Cresta samalani ndi ceramic. 1JZ-GTE ya JZX90 ili ndi ma CT12A awiri, ya JZX100 ya VVT-i ili ndi CT15B imodzi, ndipo turbine zake ndi za ceramic yomatidwa ku shaft yachitsulo. N'chimodzimodzi RB25DET ya Skyline R33 ndi R34, ndi RB26 wamba. Ceramic ndi yopepuka, imadzuka msanga, koma ikatenthedwa ndi kuthamangitsidwa imathothoka pa shaft. Pa RB25 musadutse 0.8 bar, pa 1JZ ndi RB26 musafike 1 bar. Yotchipa apa ndi kutumiza turbo yanu yomweyo kuti aikemo turbine yachitsulo ndi compressor yokulirapo m'nyumba zake zakale. Imabwerera pamalo pake, paipi iliyonse n'kukumana.

A Mitsubishi Lancer Evo VII ndi VIII, turbo ya Evo IX ili ndi nyumba ya compressor yokulirapo ndipo imakhala pa manifodi yanu, bola mutenge ndi mapaipi ake ndi actuator yake. Kuyambira Evo IV mpaka IX turbo imazungulira mobwerera, ndiye 16G ya Evo I mpaka III kapena ya Subaru silowa ngakhale dzina likufanana.

TD04L yomwe a Boxer achotse asaitaye. Itakonzedwa, a Starlet Glanza amaifuna m'malo mwa CT9 ya 4E-FTE, kungoti kwa iwo imafuna manifodi ndi downpipe zina. Za ma kit oika turbo pa injini yomwe inabadwa yopanda turbo, monga Altezza RS200 ya 11.5:1 kapena Toyota 86 ya 12.5:1, imeneyo si nkhani ya thumba lopepuka.

Sipanala_14

Kuwongola pang'ono kuti a Boxer asasokonezeke: restrictor ya 1.0 mm yomwe a Joni atchula ndi ya Garrett ya ball bearing pa paipi yogula padera. Pa Subaru, ndi paipi yakufakitale, musawonjezere restrictor pa VF39 kapena pa 16G. Izi ndi za journal bearing, shaft imayandama pa oyilo, mukaumana imapsa.

Pa za 19T sindikutsutsa, kwa woyenda m'tauni ndi nzeru. Koma ngati VF39 ija yapambana mayeso a Mai Torque, itengeni: pa 1.1 bar imakhala ikupuma bwino, mpweya wake ndi wozizirapo kuposa wa TD04 yokakamizidwa, ndipo pa petulo wofooka kuzizira kumeneko ndi phindu. Chenjezo ndi boost creep. Ndi downpipe yotseguka ya mainchesi 3, bowo la wastegate la VF39 limachepa, boost n'kumakwera yokha pamwamba pa 5,000 rpm mu giya 4 ngakhale wastegate itatseguka yonse. Map singathetse zimenezo. Bowolo likuzidwe pang'ono turbo isanamangidwe, kusiya mlomo wokwanira woti chivindikiro chitseke. Solenoid ya 3-port imathandiza wotchuna kugwira boost mosadumpha. Intercooler ya STi ndi yokulirapo ndipo ndi yoyenera kuisaka, pamodzi ndi chogawira mpweya cha pansi pa boneti, chifukwa popanda icho mpweya umadutsa m'mbali.

Giyabokosi ya magiya 5 imathyoka ndi kugunda, osati ndi ma PS okha. Kilatchi yakufakitale ikayamba kutsetsereka, ikani ya organic yolimbirapo pang'ono, osati ya mapadi achitsulo, ndipo zonyamuka pa 5,000 rpm mutasiya kilatchi kamodzi zisiyeni. Musapondenso mpaka pansi mu giya 5 pa 2,500 rpm pokwera phiri, tsikani giya. Potchuna, ma log ake ndi a giya 3 kuchokera 2,000 mpaka 6,500 rpm, pa dyno kapena pamalo otsekedwa, wina ali ndi laputopu pampando wa pambali. Yambani ndi boost ya sipulingi ya actuator yokha, msakanizo ukhale bwino, kenako muzikwera 0.1 bar nthawi imodzi. Knock correction ikapitirira madigiri awiri pamalo omwewo kawiri motsatizana, chotsani phazi, bwezani timing pamenepo musanapondenso.